Fizi ya chaka chachitatu idzachokera kuti?

Mayi wina, mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale ku Kasungu, walemba motere: "Mwana wanga wamkazi anakhoza MSCE ndi mapointi 13. Mtima wake unali pa zamankhwala, koma anamusankhira kozi ya uphunzitsi wa sayansi ku UNIMA, ku Zomba. Tsopano kwapezeka ejenti amene watipezera malo pa koleji ina ku India kuti akaphunzire Pharmacy. Akuti atichotsera theka la fizi, ife tizilipira madola 3,000 pachaka. Achimwene anga a ku Joni alonjeza kuti azithandiza, ndipo ine ndili ndi poloti yoti ndingagulitse. Mwanayu sakudya, akungolira za ku India. Ndimutumize, kapena apite ku Zomba?"

Mayi, zikomo polemba. Mapointi 13 sabwera okha. Kumbuyo kwake kuli mwana amene ankadzuka m'bandakucha kukawerenga, ndi kholo limene linkadzimana kuti fizi ikwane. Ndiye ndikuyankhani monga mmene ndikanayankhira mchemwali wanga, mosazungulira: malo a ku Zomba musawataye, ndipo poloti musagulitse. Ndakhala zaka zambiri ndikulangiza ana a Folomu 4 ndi makolo awo za kolowera akamaliza sekondale, ndipo ana amene ndinawaona akuvutika kunja sikuti mutu unawakanika. Anali anzeru ngati wanuyu. Chinawagwetsa ndi ndalama imene inakwana chaka choyamba, n'kuperewera chachiwiri, n'kutheratu chachitatu.

Tiyambe ndi madola 3,000 amenewo. Inu mumalandira makwacha, koleji ikufuna madola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo dola imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 kubanki inafika pa K1,700. Kholo limene linagona likudziwa kuti fizi ya madola 3,000 ndi K3,540,000 linadzuka fiziyo ili K5,100,000, koleji isanawonjezere ngakhale tambala. Mu Meyi 2022 kwachayo inali itagwa kale ndi 25 peresenti. Kugwa kawiri m'miyezi 18 yokha, pamene digiri ya Pharmacy ku India ndi ya zaka zinayi. Malipiro a mphunzitsi sakwera motsata dola, izi mukuzidziwa kuposa ine.

Komanso kukhala ndi makwacha m'manja sindiye kuti madola mwawapeza. Makolo ambiri amapita kubanki ndi kalata ya fizi n'kuuzidwa kuti adikire, ndalama zakunja kulibe. Sabata zimatha. Uku koleji ikulembera mwana kuti salowa m'chipinda cha mayeso asanamalize kulipira. Kholo limathamangira kwa ogulitsa madola m'misewu, kumene mtengo umaposa wa kubanki kutalitali, nthawi zina kuwirikiza, komanso kumene lamulo silimuteteza akamubera. Choncho mukamawerengera, musawerengere ndi mtengo wa kubanki wokha ayi.

Tengani pepala. Fizi yokha ya zaka zinayi ndi madola 12,000, omwe pa mtengo wa K1,750 ndi K21,000,000. Pansi pake lembani hositelo, chakudya, mabuku, zipangizo za mu labu, viza ndi kuiwonjezera nthawi, chipatala akadwala, foni, zovala, ndi tikiti ya ndege yodzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, yopita ndi yobwerera. Onjezani tikiti ina yadzidzidzi, chifukwa m'zaka zinayi pabanja pamagwa zovuta, ndipo mwana amafuna kudzaika nawo agogo ake. Mukaphatikiza, yerekezani ndi mtengo wa poloti yanu. Poloti imagulitsidwa kamodzi, koma fizi imabwera chaka ndi chaka.

Za achimwene anu a ku Joni ndikufuna ndilankhule mwaulemu, chifukwa ndikukhulupirira kuti alonjeza ndi mtima wonse. Malume ndi kholo ndithu. Koma mawu akuti "ndizithandiza" si nambala. Afunseni kuti azitumiza zingati pamwezi, ndipo kwa zaka zingati. Afunseni ngati ntchito yawo ndi yokhazikika komanso ngati mapepala awo okhalira ku South Africa ali bwino, poti anthu athu ambiri kumeneko moyo wawo umatha kusintha pa tsiku limodzi. Njira yabwino yodziwira popanda kuyambana ndi iyi: ayambe kutumiza ndalama imene akulonjezayo panopa, mwezi ndi mwezi, kwa miyezi isanu ndi umodzi, muziisunga ku akaunti yapadera. Ikamabwera mosadumpha, muli ndi mzati weniweni. Ikadumpha kawiri, mwadziwa mwana akadali pakhomo, osati ali kutsidya kwa nyanja.

Ndikumbuka mnyamata wina amene anabwera kudzandiona atabwerako ku Asia. Anakhala pampando, chikwama chaching'ono cha mapepala atachiika pamaondo, n'kutulutsamo chiphaso cha sukulu, malisiti a fizi a zaka ziwiri ndi theka, ndi zithunzi atavala chovala choyera cha mu labu. Pepala limodzi lokha ndi limene linalibemo, la zotsatira za mayeso ake. Koleji inakana kumupatsa chifukwa cha ngongole ya fizi. Bambo ake anali atagulitsa ng'ombe ndi chigayo. Popanda pepala limenelo palibe sukulu imene ikanamuyambitsa pakati, ndiye pamaso pa aliyense anali munthu wa MSCE basi, monga tsiku limene ananyamuka. Sanalire. Anangondifunsa kuti, "Ndiyambirenso pati?" Funso limenelo limandibwererabe nthawi zonse kholo likandiuza kuti ndalama ya chaka choyamba ilipo, zinazo Mulungu adziwa.

Ena amati mwana akafika azikagwira maganyu. Ku India viza ya ophunzira silola munthu kulembedwa ntchito. Wophunzira wakunja amayeneranso kulembetsa ku ofesi yoona za alendo, imene amaitchula kuti FRRO, pasanathe masiku 14 atafika, ndipo kuti viza iwonjezeredwe pamafunika kalata ya koleji yotsimikiza kuti akuphunziradi. Mwaona pamene pali msampha: fizi ikaima, kalata imavuta, kalata ikavuta, viza imatha, viza ikatha, mwana wasanduka wokhala m'dziko mosaloledwa, ndipo ngakhale kuti atuluke afunika chilolezo ndi kulipira chindapusa. Ngakhale ku Britain ndi ku South Africa, kumene ophunzira amaloledwa kugwira ntchito, malire ake ndi maola 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, ndipo ndalama yake ndi yogulira chakudya, osati yolipirira digiri.

Tsopano za "theka la fizi". Ejenti ambiri amalandira kangachepe kuchokera ku koleji pa mwana aliyense amene abweretsa. Izi pazokha si umbava, koma zikutanthauza kuti iye ndi wogulitsa malonda, si mlangizi wanu. Makoleji ambiri omwe si a boma amalemba mtengo wokwera n'kumachotsera pafupifupi wophunzira aliyense wochokera kunja, n'kutchula kuchotserako kuti sikolashipu. Funsani kuti kuchotserako ndi kwa zaka zonse zinayi kapena chaka choyamba chokha, ngati kumatha mwana akatsika magiredi, komanso ngati hositelo ndi fizi ya mayeso zili momwemo. Mayankho abwere m'kalata yochokera ku koleji yeniyeniyo, pa imelo ya kolejiyo, osati pa WhatsApp ya ejenti. Ndipo ndalama ya fizi isadzere mu akaunti ya munthu. Ejenti akamakufulumizitsani kuti malo atha mawa, dziwani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Pali nkhani ina imene makolo ambiri amaidziwa mochedwa, ya kuvomerezeka kwa pepala. Kamuzu Banda anamaliza udokotala ku Meharry Medical College ku America mu 1937, koma kuti aloledwe kuchiza anthu m'maiko olamulidwa ndi Britain anayenera kukaphunziranso ku Edinburgh, kumene anamaliza mu 1941. Digiri inalipo, koma chilolezo chogwirira ntchito ndi chinthu china. Mpaka lero zili choncho. Mwana wanu akadzabwera ndi digiri ya Pharmacy, sadzangolowa m'chipatala kapena kutsegula famase. Pepala lake lidzaunikidwa ndi National Council for Higher Education, NCHE, ndipo kuti agwire ntchito adzayenera kulembetsedwa ndi bungwe la zamankhwala la m'dziko muno, Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Ku India komweko koleji yophunzitsa kozi imeneyi iyenera kukhala yovomerezedwa ndi Pharmacy Council of India, ndipo yunivesite yopereka digiriyo iyenera kudziwika ku University Grants Commission. Palinso funso la MSCE yeniyeniyo. Ku India ana amalowa yunivesite atamaliza kalasi 12, ndipo pamafunika kalata yonena ngati satifiketi yakunja ikufanana ndi yawo. Funsani ngati kalata imeneyo ilipo ya mwana wanu. Maiko angapo amaika MSCE pa mlingo wa O-Level. N'chifukwa chake mayunivesite a ku Britain amafuna A-Level kapena chaka chokonzekera asanalandire mwana wa MSCE. Koleji imene ikulandira aliyense osafunsa kanthu za zimenezi iyenera kukudetsani nkhawa. Musanalipire tambala, lemberani NCHE ndi bungwe la zamankhwala lija, mutchule dzina la koleji ndi la kozi, mufunse ngati omaliza kumeneko amalembetsedwa kuno. Safunsa anadya phula.

Sindikufuna kukunamizani kuti ku Zomba ndi kumwamba. Malo ogona pasukulu ndi ochepa, ndipo ana ambiri amachita lendi ku Chikanda, awiri kapena atatu m'kachipinda kamodzi, kuphika pa mbaula, madzi kukatunga panja. Alipo amene amalowa m'kalasi ndi njala. Makalasi a chaka choyamba amadzaza, mabuku ndi zipangizo za mu labu sizikwanira aliyense. Sukulu zathu zaboma zimatsekedwanso nthawi zina chifukwa cha mikangano. Mu 2011 Chancellor College, yomwe tsopano ndi UNIMA, inakhala miyezi yambiri osaphunzitsa pa nkhani ya ufulu wa aphunzitsi. Digiri ya zaka zinayi imatha kutenga zisanu. Izi ndi zoona, ndipo zimandipweteka, chifukwa ana athu ayenera zabwino kuposa zimenezi.

Koma taonani kusiyana kwa mavuto awiriwa. Mwana akakuimbirani ali ku Chikanda kuti ufa watha, mumapereka thumba la ufa ndi nyemba kwa kondakitala wa basi, kapena mumatumiza kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba, madzulo wadya. Akadwala malungo, inu kapena azakhali ake mwafika mawa lake. Fizi yake ndi ya makwacha, ndipo boma limalipirira gawo lalikulu la mtengo weniweni wa maphunzirowo, n'chifukwa chake ndi yotsika chotere poyerekeza ndi ya kunja. Pali Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2015, lomwe limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'sukulu zovomerezeka za m'dziko muno, n'kudzabweza akayamba ntchito. Si onse opempha amene amalandira, ndipo ndalamayo imachedwa nthawi zina, koma khomo lilipo, pamene ku koleji ya ku India kulibe. Zinthu zikavutitsitsa, wophunzira amatha kupempha kuti aime kaye n'kudzapitiriza, malo ake ndi magiredi ake zili zosungika. Vuto la kunyumba limakuchedwetsani. Vuto la kunja limatha kufafaniza zaka zitatu ndi poloti yomwe.

Palinso phindu lina limene silioneka pa pepala la fizi. Amene adzaphunzire naye ku Zomba ndi amene adzakhale m'maofesi, m'masukulu ndi m'mabungwe a dziko lino zaka khumi zikubwerazi. Aphunzitsi ake ndi amene adzamulembere makalata omuchitira umboni. Wobwera kuchokera kunja ndi digiri yoyamba nthawi zambiri amafika ngati mlendo kwawo komwe, osadziwa khomo logogoda.

Tsopano tikambe za mwanayo, chifukwa misozi yake si yachibwana. Ndikuganiza kuti sakulirira India kwenikweni. Akulirira zamankhwala, ndiponso akumva ngati khama lake lonse lamufikitsa pakhomo limene sanagogode. Inu ndinu mphunzitsi. Mukudziwa mmene anthu ena amanyozera ntchito yathuyi, ndipo n'kutheka kuti anzake amunena kale. Musamuuze kuti angovomereza. Muuzeni kuti njira yopita ku zamankhwala si imodzi.

Malawi College of Health Sciences imaphunzitsa dipuloma ya Pharmacy, ndipo amene ali ndi dipuloma ndi zaka zogwira ntchito amatha kupempha malo a digiri ku Kamuzu University of Health Sciences, KUHeS, ngati ophunzira achikulire. Ndi njira yaitali, koma amakhala ali m'ntchito imene akuikonda, akulandira malipiro, ndipo pepala lake palibe amene angalikayikire kuno. Njira ina ndi kupita ku Zomba n'kulimbikira Chemistry ndi Biology. Akafika, akafunse ku ofesi ya kaundula wa ophunzira malamulo a kusintha kozi, amve yekha zimene zingatheke. Ngakhale atamaliza uphunzitsi womwewo, digiri yabwino ya sayansi imatsegula khomo la digiri yachiwiri ya za umoyo wa anthu, kafukufuku wa mankhwala, kapena sayansi ya tizilombo toyambitsa matenda. Ndinene moona: njira imeneyi simupanga kukhala famasisiti wolembetsedwa. Ngati chimene akufuna ndi dzina limenelo basi, njira ya dipuloma ndiyo yolunjika. Koma ngati chimene chimamukoka ndi labu ndi kufufuza za matenda, dziko lino lili ndi malo ngati Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ku Blantyre, kumene achinyamata a sayansi amaphunzira kafukufuku weniweni.

Ndipo kunja adzapita, ngati akufunadi. Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti ndalama zambiri zaulere zophunzirira kunja zili pa digiri yachiwiri ndi yachitatu, osati yoyamba. Chevening ya boma la Britain imalipira fizi, ndege ndi zofunika pa moyo kwa chaka chimodzi cha masitazi, kwa amene ali ndi digiri ndipo agwirapo ntchito zaka ziwiri. Pali Commonwealth Scholarships, pali DAAD ya ku Germany, pali Ireland Fellows Programme, palinso Beit Trust imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Onsewa amayang'ana magiredi a digiri yoyamba ndi zimene munthu wachitira anthu kwawo. Mtsikana amene wakhoza bwino ku Zomba n'kukaphunzitsa sayansi zaka ziwiri pa sekondale ya kumudzi ali ndi nkhani yamphamvu yoti alembe pa fomu yotere. Aphunzitsi ambiri a m'mayunivesite athu anayenda njira yomweyi: digiri yoyamba kuno, zotsatira kunja, pa ndalama za ena.

Kodi ilipo nthawi imene ndinganene kuti mwana apite kunja pa digiri yoyamba? Ilipo. Ngati wapeza sikolashipu yathunthu, yolembedwa, ya zaka zonse, yophatikiza pogona ndi chakudya, apite ndipo ndidzamuperekeza ndi pemphero. Boma la India lenilenilo limapereka malo otere kudzera ku Indian Council for Cultural Relations, ndipo zambiri zake zimapezeka ku ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe. Mastercard Foundation imalipirira ophunzira a ku Africa m'mayunivesite angapo, ena a mu Africa momwe muno. Boma la China nalo limapereka malo. Mpikisano wake ndi woopsa, koma mapointi 13 si ochititsa manyazi, ndipo kupempha malo amenewa sikudutsa mwa ejenti wofuna ndalama. Apitenso ngati banja lili ndi ndalama ya zaka zonse zinayi yokhala kale pansi, makamaka ngati wolipirayo amalandira ndalama yakunja, ndipo kutaya ndalamayo sikungagwetse nyumba. Pa zimene mwalemba, Mayi, inu simuli pamenepo. Poloti ija ndi pogona panu mukadzapuma ntchito, ndipo ngati kumbuyo kwa mtsikanayu kuli azing'ono ake, ndi fizi yawonso.

Mwina wina akuuzani za maiko oyandikana nafe. Pangano la SADC la zamaphunziro la 1997 limalimbikitsa kuti ophunzira a m'chigawo chino azilipira ngati eni dziko, ndipo mayunivesite ambiri a boma ku South Africa amatsatira zimenezi pa fizi, ngakhale amawonjezera kandalama ka ophunzira akunja, ndipo viza imafuna inshuwalansi ya chipatala. Popeza malume ake ali komweko, n'zoyenera kuzifufuza, koma kumenekonso funso la MSCE lidzabwera, ndipo randi nayo ndi ndalama yakunja.

Chimene ndikupempha muchite sabata ino ndi ichi. Khalani pansi ndi mwanayo, awiriwiri, nsima itadyedwa. Musamubisire malipiro anu. Muonetseni pepala la malipiro, mtengo wa poloti, ndi nambala imene malume ake atchula. Cholembera chikhale m'manja mwake, awerengere yekha chaka choyamba, chachiwiri, chachitatu, chachinayi, kenaka awerengerenso dola itakwera ndi theka. Mwana wa mapointi 13 masamu amenewa sangamukanike, ndipo chimene wapeza yekha sadzakusungirani nacho chakukhosi. Makalata opita ku NCHE, ku bungwe la zamankhwala ndi ku koleji ya ku India alembe iyeyo, inu mungoona. Afunsenso tsiku limene Malawi College of Health Sciences ndi ofesi ya kazembe wa India amatsegulira mafomu, alilembe pakhoma.

Pamene mayankho akudikiridwa, tsiku lolembetsa ku Zomba lisadutse. Akalembetse, atenge nambala yake ya wophunzira, apemphe ngongole ya fizi nthawi yake isanathe, ndipo muyambe kufunsa za chipinda msanga, chifukwa zipinda zapafupi ndi sukulu zimatha sukulu isanatsegulidwe. Sikolashipu yathunthu ikadzapezeka chaka chamawa, adzanyamuka kuchokera ku Zomba ali ndi magiredi a yunivesite m'manja, omwe adzalimbitsa pempho lake kuposa MSCE yokha. Ejenti akakuimbiraninso, muuzeni kuti mukudikira kalata ya NCHE, ndipo mumve mmene ayankhire.